Kadontho koyera pa tsaya la munthu wosadziwika

Chithunzicho chinali chaching'ono, chonyamulika ndi dzanja limodzi, chojambulidwa ndi utoto wamafuta pa thabwa. Chinali cha bambo wachikulire wovala jekete la buluu wakuda ndi kolala yoyera yoima njo pakhosi. Dzina lake silinalembedwe paliponse, ngakhalenso la mmisiri amene anamujambula. Kakhadi kamene kanali m'bokosi limodzi ndi chithunzicho kanangonena kuti ndi cha m'zaka za m'ma 1700. Ntchito imene ndinapatsidwa m'mawa umenewo inali yomveka bwino: ndiyeze malo 12 ndi makina a XRF, amene amagwiritsa ntchito cheza cha X-ray pozindikira zimene chinthu chinapangidwa nazo, ndilembe zimene zatuluka, kenako ndichibwezere m'bokosi mwake. Apo n'kuti nditangotha miyezi itatu ndikuphunzira ntchito yosamalira zinthu zakale, ndipo kanali koyamba kundisiya ndekha ndi makinawo.

Makinawo kukula kwake ndi ngati chipangizo chamagetsi chobowolera matabwa, ndipo ambiri amene amagwira nawo ntchito amangowatchula kuti mfuti. Pa zinthu zolimba monga mwala umatha kuwagunditsa ndithu, koma pa chithunzi ayi. Ndinawamangirira pa choimikira cha miyendo itatu, n'kusendeza mphuno yake pang'onopang'ono mpaka panatsala kampata kongolowa kapepala kokhuthala. Ndinayambira pa tsaya lamanzere, poti ndi pamene panawala kwambiri pankhope yonse. Ndinabwerera m'mbuyo, ndinadina batani, kanyali kofiira kanayamba kuphethira. Pa sikirini ya kompyuta mzere unayamba kutukumuka apa ndi apo, timapiri tating'ono tikukwera ngati zulu. Masekondi 60 atakwana, pamalo pamene sindinkayembekezera kanthu panali pataima kaphiri kakatali, pa nambala 4.5. Pamwamba pake kompyuta inalemba zilembo ziwiri, Ti, kutanthauza titanium, mtundu wina wa chitsulo.

Mtima unandigunda kwambiri. Koma kuti mumvetse chifukwa chake, ndiyambe ndalongosola chimene makinawa amachita.

Tonse timaidziwa X-ray ya kuchipatala, imene imadutsa mnofu n'kusiya mthunzi wa mafupa. Wilhelm Röntgen anaitulukira mu 1895 ku Würzburg. Cheza cha makina athu n'chomwecho, kungoti ife mthunzi sitiufuna. Timafuna kumva mmene chinthu chawombedwacho chikuyankhira. Chinthu chilichonse chinapangidwa ndi maatomu, ndipo atomu iliyonse ili ndi maelekitironi okhala m'magulumagulu, ena pafupi ndi phata, ena patali. Cheza chikamenya atomu mwamphamvu chimatha kuchotsa elekitironi imodzi ya mkati. Mpata umenewo sukhalitsa. Elekitironi ya kunja imagwera pomwepo, ndipo pogwapo imataya mphamvu yotsala monga cheza chinanso cha X-ray. Mphamvu ya cheza chotulukachi imasiyana pa mtundu uliwonse wa atomu, ndipo siisinthasintha. Ayironi amayankha pa 6.40 keV (keV ndi muyeso wa mphamvu ya chezachi), kaya ali mu msomali, kaya m'dothi lofiira, kaya mu inki. Mkuwa umayankha pa 8.05, zinki pa 8.64, mtovu pa 10.55 ndi 12.61. Makinawo amangowerenga mayankho amenewa n'kumawaunjika malinga ndi mphamvu yake, ndiye timapiri tija. Chinthucho sichidulidwa, sichipalidwa, sichichotsedwa ngakhale kachidutswa. N'chifukwa chake osunga zinthu zakale amawakonda, poti zambiri zimene amasunga zilibe chinzake padziko.

Amene anaonetsa kuti mayankhowa ali ndi dongosolo ndi Henry Moseley, mnyamata wa ku England. Mu 1913, ali ku Manchester, anayeza zitsulo motsatizana n'kupeza kuti mphamvu ya chezacho imakwera mwandondomeko potsata nambala ya atomu. Ndondomekoyo inali yolunjika moti anatha kuloza mipata pamene panayenera kukhala maelementi, kutanthauza mitundu ya maatomu, omwe pa nthawiyo anali asanapezeke, monga nambala 43, 61, 72 ndi 75. Anaphedwa pankhondo ku Gallipoli mu 1915 ali ndi zaka 27 zokha. Ndimamukumbukira kawirikawiri ndikamadikira masekondi 60 aja, chifukwa manambala amene kompyuta ikuwerenga mwakachetechete anayambira m'manja mwake.

Tsono titanium. Kwa zaka mazana ambiri utoto woyera wa amisiri a ku Ulaya unali wopangidwa ndi mtovu. Wa zinki unafala m'zaka za m'ma 1800. Woyera wa titanium unayamba kufika kwa amisiri cha m'ma 1920. Choncho titanium wochuluka pankhope ya munthu wa m'ma 1700 ndi ngati kupeza batire m'manda a makedzana. Aliyense wophunzira ntchitoyi amamva nkhani ya Wolfgang Beltracchi, Mjeremani amene kwa zaka zambiri ankajambula zithunzi n'kumazigulitsa ngati za amisiri otchuka omwe anamwalira kale. Chimene chinamuulula ndi chithunzi cha mahatchi chomwe ankati chinajambulidwa ndi Heinrich Campendonk mu 1914. Mu utoto wake munapezeka woyera wa titanium, umene mmisiri wa chaka chimenecho sakanakhala nawo. Khoti la ku Cologne linamugamula mu 2011 kuti akakhale m'ndende zaka 6. Nkhani imeneyi ndi imene inadzaza m'mutu mwanga nditaona zilembo ziwiri zija.

Mayi amene ankandiphunzitsa ntchito anali m'chipinda china, akupukuta felemu yakale ndi kathonje.

"Mayi, tabwerani mudzaone. Chithunzi chija n'chachinyengo."

Sanathamange. Anavula magolovesi, anavala magalasi awo, n'kudzakhala pampando wanga. Anayang'ana sikirini kwa nthawi ndithu osalankhula.

"Achimwene, mwafufuza ngati si barium?"

Ndinali ndisanafufuze. Barium amayankha pa 4.47, titanium pa 4.51, ndipo makina a m'manja satha kulekanitsa manambala oyandikana chonchi. Amangowaunjika pa kaphiri kamodzi, kompyuta n'kusankha dzina. Barium anali wofala mu utoto wa m'ma 1800, chifukwa opanga utoto ankamuthira kuti uchuluke. Njira yowalekanitsira ndi kuyang'ana abale awo. Barium amakhala ndi timapiri tina cha pa 5.16 ndi 5.53, pamene titanium amangokhala ndi kamodzi kakang'ono pa 4.93. Tinakulitsa chigawo chimenecho pa sikirini. Kaphiri ka pa 4.93 kanalipo, enawo panalibe.

"Chabwino, ndi titanium ndithu," iwo anatero. "Ndipo ndi wambiri, si uja wochepa amene amabwera ndi utoto wa dothi. Nanga mwayeza malo angati?"

"Amodzi okha, Mayi."

"Tazimitsani magetsi."

Anatulutsa nyali ya UV, yotulutsa cheza chosaoneka ndi maso, m'dirowa n'kuunika chithunzicho mumdima. Vanishi yakale yopangidwa ndi utomoni wa mitengo imawala ikaunikidwa choncho, kuwala kobiriwira motuwa ngati nkhungu ya m'mawa. Nkhope yonse ya bambo uja inayandama m'nkhungu imeneyo, chipumi, mphuno, chibwano. Koma pa tsaya lamanzere panali chigamba chakuda bii, kukula kwake ngati chikhadabo cha chala chachikulu, ndipo kuchokera pamenepo kamzere kakuda kanatsika mpaka pakolala, kutsata mng'alu wa thabwa. Utoto wopakidwa pamwamba pa vanishi yakale suwala nayo limodzi, umaoneka ngati bala. Pa malo onse a pankhopeyo, ine ndinali nditaloza mphuno ya makina pakatikati pa chigambacho. Pa kuwala wamba chinali chowala kuposa pena paliponse chifukwa chinali chatsopano.

Tinayatsanso magetsi, ndipo ndinayeza malo 11 otsalawo iwo ali chikhalire pambali panga. Pachipumi panatuluka mtovu wambiri, titanium ayi. Pa tsaya lamanja chimodzimodzi. Pakolala, kutali ndi mng'alu, mtovu wokhawokha. Pamilomo panatuluka mercury pa 9.99, chizindikiro cha utoto wofiira wotchedwa vermilion, umene amisiri akhala akuugwiritsa ntchito kuyambira kalekale. Nkhani inali yoti thabwalo linang'aluka, utoto wa pa tsaya unagwa, ndipo munthu wina, nthawi ina pambuyo pa 1920, anakonza malowo ndi utoto wa m'masiku ake. Anakonza mwaluso moti pa kuwala wamba palibe amene akanazindikira.

"Kuona maso a nkhono n'kudekha," Mayi anatero akuimirira, n'kubwerera ku felemu yawo.

Ndakhala ndikuganizira za tsiku limenelo kwa nthawi yaitali, ndipo chimene chimandikhudza n'chakuti makinawo sananame. Ndinawafunsa kuti pa kadontho aka pali chiyani, iwo anayankha zoona. Mafunso akuti chithunzichi chinajambulidwa liti, ndi ndani, n'chenicheni kapena ayi, anali anga, ndipo makina alibe nawo gawo. Ndikanalemba mawu oti "chachinyengo" pa khadi lija, akanatsatira chithunzicho kulikonse kumene chikanapita, ndipo mawu otere akalembedwa savuta kuwakhulupirira koma amavuta kuwafafaniza.

Jekete la bambo uja linandiphunzitsanso china madzulo a tsiku lomwelo. Utoto wa buluu ulipo wa mitundu ingapo, ndipo uliwonse uli ndi nyengo yake. Mukapezeka mkuwa, mwina ndi azurite, mwala wophwanyidwa umene unali wofala kalekale. Mukapezeka cobalt, mwina ndi smalt, galasi lopera, kapena buluu wa cobalt amene Louis Jacques Thénard anapanga ku France mu 1802. Mukapezeka ayironi, mwina ndi buluu wa Prussia, amene anatulukiridwa ku Berlin kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1700. Koma buluu wolemekezeka kuposa onse, ultramarine, wochokera ku mwala wa lapis lazuli wa ku Badakhshan m'dziko la Afghanistan, anapangidwa ndi maelementi opepuka monga sodium, aluminium ndi silicon, amene mayankho awo ndi ofooka moti ambiri amathera mumpweya asanafike pa makina. Indigo, wochokera ku zomera, ndiye saoneka n'komwe, chifukwa kaboni, haidirojeni, naitirojeni ndi okosijeni makina a m'manja sawamva. Pa jeketelo panatuluka mtovu, calcium ndi ayironi pang'ono. Dzanja langa linafuna kulemba kuti buluu wa Prussia, chifukwa zikanagwirizana bwino ndi zaka za pa khadi. Koma cheza sichiima pa utoto wapamwamba. Chimalowa mpaka m'munsi, ndipo mayankho a zigawo zonse amabwera atasakanikirana. Ayironi ameneyo akanathanso kuchokera mu utoto wa dothi umene mmisiri anayala poyamba pa thabwa. Mayi anandiuza kuti ndilembe zimene ndaona zokha: ayironi alipo pang'ono, mkuwa ndi cobalt palibe. Dzina la utoto lidikire maikulosikopu.

Pali mfundo ina imene anthu obwera ndi zithunzi zawo savomereza msanga. Utoto watsopano pa chinthu chomwe akuti n'chakale ukhoza kuchigwetsa, koma utoto wakale sungachiimiritse. Mtovu ndi vermilion amene ndinapeza pankhope ija akugwirizana ndi zaka za m'ma 1700, komanso akugwirizana ndi za m'ma 1500 ndi za m'ma 1900. Wonyenga wochenjera amadziwa zimenezi ndipo amafunafuna utoto wakale. Chimene tingalembe moona mtima n'chakuti palibe chotsutsa chimene chapezeka.

Kulowa pansi kwa chezaku, kumene kunandisokoneza pa jekete, n'kumene kwabweretsa zinthu zokondweretsa kwambiri pa ntchitoyi. Makina anga amayeza kadontho kamodzi. Koma mukayendetsa cheza chopyapyala pamwamba pa chithunzi chonse, mzere ndi mzere, n'kusunga yankho la kadontho kalikonse, mumatha kupanga mapu a elementi iliyonse payokha: apa pali mtovu wokha, apa pali mercury yekha. Mu 2008 Joris Dik wa ku Delft ndi Koen Janssens wa ku Antwerp anatenga chithunzi cha Vincent van Gogh cha mu 1887, chongoonetsa udzu, chimene chimasungidwa ku Kröller-Müller Museum m'dziko la Netherlands, n'kupita nacho ku Hamburg, ku malo ofufuzira a DESY kumene kuli makina aakulu otulutsa cheza champhamvu otchedwa synchrotron. X-ray wamba inali itaonetsa kale kuti pansi pa udzuwo pali chinachake chonga mutu wa munthu, koma mwachimbuuzi. Atapanga mapu a antimony, amene ali mu utoto wachikasu wa Naples, ndi mapu a mercury a vermilion, panatuluka nkhope ya mayi wa kumudzi, maso, mphuno ndi milomo zikuoneka bwino. Van Gogh anajambula nkhope zotere zambiri ali ku Nuenen mu 1884 ndi 1885, ndipo nsalu zina ankazijambulanso pamwamba. Nthawi yoyamba imene ndinaona mapu amenewa ndinakhala chete kwa kanthawi. Mayi ameneyo anakhalapo ndithu, anakhala pampando kutsogolo kwa mmisiri, kenako anabisika pansi pa udzu zaka zoposa 120, ndipo anaonekanso popanda wina kukanda ngakhale kaudzu kamodzi. Masiku ano makina osesa chonchi anachepetsedwa moti amapita okha kumene kuli chithunzi. Mu 2019 Rijksmuseum ya ku Amsterdam inayamba kusesa ndi cheza chithunzi chachikulu cha Rembrandt cha mu 1642 chili pamalo pake, alendo akuonerera kudzera pagalasi.

Zolembedwa nazonso zimatuluka mwa njira yomweyi. M'zaka za m'ma 900 mlembi wina anakopera zolemba za katswiri wa masamu wakalekale Archimedes m'Chigiriki pa zikopa. Pofika mu 1229 zikopazo zinali zitapalidwa n'kulembedwapo mapemphero. M'zaka za m'ma 1900 munthu wina anawonjezera chipongwe pojambula zithunzi zachinyengo zokhala ndi golide pa masamba ena. Masamba ambiri anawerengeka ndi makamera ndi nyali zamitundumitundu, koma okutidwa ndi utoto ndi golide aja anakanika. Inki yakaleyo inali ndi ayironi, ndipo ngakhale inapalidwa, ayironi pang'ono anatsalira m'chikopa. Mu 2005 Uwe Bergmann ku Stanford anayamba kupanga mapu a ayironi ameneyo, ndipo zilembo zinaonekera kupyola golide. Makalata amene Marie Antoinette, mfumukazi ya ku France, ankalemberana ndi Axel von Fersen wa ku Sweden mu 1791 ndi 1792 anali ovutirapo, chifukwa mawu ena anafafanizidwa ndi inki imenenso inali ya ayironi. Anne Michelin ndi anzake ku Paris anapeza kuti inki ziwirizo zimasiyana kuchuluka kwa mkuwa ndi zinki. Mu 2021 analengeza kuti awerenga mawu obisika m'makalata 8 mwa 15, ambiri a iwo mawu achikondi, ndipo inki yofafanizirayo inaloza kwa Fersen mwiniwake.

Pa zinthu zofukulidwa pansi, makinawa anayamba kudziwika kale. Mu 1953, pamene zinaululika kuti chigaza cha ku Piltdown m'dziko la England, chimene kuyambira mu 1912 ankati ndi cha munthu wakale kwambiri, chinali cholumikiza mwachinyengo, Edward Hall wa ku Oxford anagwiritsa ntchito XRF kuonetsa chromium pa mafupawo, umboni woti anachita kuwapaka mankhwala kuti aoneke okalamba. Koma nkhani imene ndimaikonda kwambiri ndi ya mpeni wa Tutankhamun, mfumu ya ku Iguputo wakale. Howard Carter anaupeza mu 1925 pa ntchafu ya mtembo wa mfumuyo, mpeni wachitsulo wa chigwiriro chagolide. Mfumuyo inamwalira zaka zoposa 1,300 Yesu asanabadwe, nthawi imene Aiguputo anali asanazolowere kusungunula chitsulo kuchokera m'miyala. Mpeni wotere palibe amene angalole kuti udulidwe. Mu 2016 Daniela Comelli wa ku Milan ndi anzake anafalitsa zimene anapeza atauyeza ndi makina onyamulika ku Egyptian Museum ku Cairo: nickel pafupifupi magawo 11 pa 100, ndi cobalt woposa pang'ono theka la gawo limodzi pa 100. Chitsulo chosungunulidwa kuchokera m'miyala ya pansi pano chimakhala ndi nickel wochepa kwambiri, pamene kuchuluka kotereku, ndi mmene nickel akugwirizanirana ndi cobalt, ndi kwa miyala yachitsulo yogwa kuchokera mumlengalenga. Wosula wina anatenga chitsulo chakumwamba n'kusulira mfumu yake mpeni.

Ku Stonehenge, malo a ku England kumene anthu amakedzana anaimika miyala, David Nash ndi anzake anayeza miyala ikuluikulu 52 ya mtundu wa sarsen ndi makina a m'manja ngati anga omwewa, n'kupeza kuti 50 mwa iyo ndi yofanana m'kati mwake, kusonyeza kuti inachokera kumodzi. Koma kuti adziwe kumeneko n'kuti, anadalira kachidutswa kamene kanabowoledwa mu umodzi mwa miyalayo mu 1958 pa nthawi yokonza, kamene anatha kukapima ndi njira zina zozama. Yankho, limene linatuluka mu 2020, linali West Woods, mtunda wa makilomita pafupifupi 25 kumpoto. Ndimaitchula nkhaniyi chifukwa ikuonetsa malo oyenera a makinawa. Anagwira ntchito imene akanatha, yofananitsa miyala yonse popanda kuivulaza, n'kusiyira njira zina funso lotsala.

Pa zitsulo zokhalitsa m'nthaka vuto limatembenuka. Pa chithunzi cheza chimalowa kwambiri, koma pa chitsulo yankho limachokera pakhungu pokha, kuya kwake kosaposa kukhuthala kwa tsitsi. Ndipo khungu la chinthu chimene chagona pansi zaka mazanamazana si lofanana ndi mkati mwake. Ndalama ya siliva wosakaniza ndi mkuwa imataya mkuwa wa pamwamba pang'onopang'ono, siliva n'kutsala, moti makina amaonetsa siliva wochuluka kuposa mmene osula anathirira. Amene amaphunzira mmene mafumu a Roma ankachepetsera siliva m'ndalama zawo amalimbana ndi vutoli nthawi zonse. Ine ndinaliona pa chibangili chamkuwa chokutidwa ndi dzimbiri lobiriwira. Pa dzimbiripo panatuluka tini wambiri, calcium ndi ayironi wa m'dothi. Pa kamalo kakang'ono kamene kanathyoka kale, pomwe chitsulo cha mkati chinkaonekera, tini anatsika kwambiri. Chibangili chimodzi, mayankho awiri otalikirana, ndipo kompyuta inalemba onse awiri ndi manambala a madesimali molimba mtima mofanana. Ndikawerenga lipoti lotchula magawo pa 100 popanda kunena pamene anayeza ndi mmene panalili, sindilikhulupirira.

Ntchito imene ndimaiona kuti ndi yofunika kuposa zonsezi siitchuka kwenikweni. Kale osunga zinthu zakale ankateteza zikopa, nthenga, nsalu ndi mbalame zowumitsa pozipaka mankhwala a poizoni a arsenic ndi mercury kuti tizilombo tisadye. Mankhwalawo akadalipo, ndipo nthawi zambiri palibe chimene chinalembedwa. Amene amagwira zinthuzo tsiku ndi tsiku ayenera kudziwa, ndipo makamaka eni ake a zinthu zimene zikubwezedwa kwawo, omwe angafune kuzivala kapena kuzigwira ndi manja. Mabuku nawonso ali ndi vuto lake. Mu 2018 ofufuza a ku University of Southern Denmark ankafuna kuwerenga zolemba zakale zobisika m'zikuto za mabuku atatu a m'ma 1500 ndi 1600, koma chimene makina anawaonetsa ndi arsenic wochuluka mu utoto wobiriwira wa pa zikutozo. Chaka chotsatira ku Winterthur, m'dziko la America, kunayamba ntchito yofufuza mabuku a m'ma 1800 amene nsalu ya chikuto chake inapakidwa utoto wobiriwira wa mkuwa ndi arsenic, umene unayamba kupangidwa mu 1814.

Patapita miyezi ingapo chichitikire cha tsaya lija, anandibweretsera buku lotere. Chikuto chake chinali chobiriwira mowala, ngati tsamba lanthete, ndi maluwa agolide pamsana, ndipo m'makona nsalu inali itayamba kunyenyeka. Ndinavala magolovesi, ndinaligoneka pa thebulo, manja anga kutali ndi njira ya cheza. Masekondi atakwana panaima kaphiri kakatali pa 10.5. Apa pali msampha wofanana ndi wa titanium ndi barium, koma wothina kwambiri, chifukwa arsenic amayankha pa 10.54 ndipo mtovu pa 10.55. Zobiriwira zambiri za nthawi imeneyo zinkapangidwa posakaniza buluu wa Prussia ndi chikasu cha chromium chokhala ndi mtovu, choncho kaphiri kameneko pakokha sikakanandiuza kanthu. Ndinakulitsa sikirini n'kufunafuna abale ake. Pa 12.61, pamene mtovu umaima, panali pafupifupi pathyathyathya. Pa 11.73, pamene pamaima m'bale wa arsenic, kaphiri kanalipo koonekeratu. Mkuwa unali wambiri pa 8.05, chromium panalibe. Ndinayeza kutsogolo malo awiri, kumbuyo malo awiri, pamsana malo amodzi, kenako ndinatsegula bukulo n'kuyeza tsamba la mkati kuti ndione ngati yankho silikuchokera m'pepala. Tsambalo linalibe arsenic. Malo asanu a pachikuto onse ananena chimodzi.

Ndinapita kukawaitana Mayi.

"Mayi, buku lobiriwira lija lili ndi arsenic ndi mkuwa pachikuto. Ndayeza malo asanu, ndayezanso pepala la mkati."

Anayang'ana sikirini, anayang'ana kope langa mmene ndinajambula chikutocho n'kuika manambala pa malo onse amene ndinayeza, n'kugwedeza mutu.

"Tengani thumba lapulasitiki lotseka pakamwa, achimwene. Mulembe ndi zilembo zazikulu. Mukatero mupukute thebulo ndi kansalu konyowa, magolovesiwo mutaye."

Ndinalowetsa bukulo m'thumba, ndinatseka, ndinalemba. Pa shelufu pamene linachokera panali mabuku ena anayi obiriwira, ndipo ndinawatsitsa limodzilimodzi n'kuwandandalika pa thebulo.